Msana wa Kamphepo

Bolopeni idagubuduzika pa desiki n'kukagwera kunsi kwa mpando wakutsogolo. Kamphepo adangoiyang'ana. Idali pafupi ndithu, koma sankadziwa ngati n'kololedwa kuitola.

Lidali tsiku lake loyamba kusukulu chimuchitireni opaleshoni. Msana wake udayamba kupindika ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, phewa lina likukwera lina likutsika, mpaka madokotala adauwongola n'kuumangirira ndi zitsulo ziwiri. Dzina loti Kamphepo adampatsa ndi anzake chifukwa cha liwiro, koma tsopano ankayenda ngati wasenza mazira pamutu.

"Iwe, sutola?" adamunong'oneza Nyenje, mnzake wokhala naye desiki imodzi, amene pakamwa pake sipankatsekeka. "Kapena kuchipatala anakupatsa wantchito?"

"Anandiletsa kuwerama."

"Ukumva kuwawa?"

"Ayi."

"Nanga bwanji?"

Nyenje adatola bolopeniyo uku akupukusa mutu.

Funso lomwelo ndi limene lidasokoneza nyumba yonse. Tsiku limene ankatuluka m'chipatala, adokotala adalankhula nthawi yaitali, koma Kamphepo adali ndi chizungulire cha mankhwala, ndipo adangosiyira makolo ake kuti amve. Atafika kunyumba zidaoneka kuti aliyense adamva zake. Abambo ake, omwe adali makaniko, adagwira mawu oti masabata asanu ndi limodzi. Amayi ake, telala wosokera pakhonde, adagwira mawu oti chaka. Papepala limene namwino adawapatsa padalembedwa miyezi itatu.

"Masabata aja akwana," adatero abambo ake tsiku lina, akupukuta girisi m'manja. "Galimoto ikatuluka m'galaja imafuna msewu."

"Mwana wanga si galimoto," adayankha amayi ake, makina osokera ataima. "Anati chaka. Ndinamva ndi makutu angawa."

"Nanga asukuluwa amulolera bwanji ngati ndi chaka?"

"Nanenso ndikudabwa pomwepo."

Amayi ankafuna kuti akaweruka azingogona. Koma mayi wa mafizo wa kuchipatala, amene ankamuphunzitsa kudzuka pabedi chammbali ndi kukwera masitepe, ankamuuza kuti aziyenda tsiku lililonse osaphonya. Akayenda, amayi ankadandaula. Akagona, abambo ankati azolowera ulesi. Chikwama cha mabuku sankaloledwa kunyamula, komabe ankaloledwa kukwera minibasi imene inkamugwedeza njira yonse. Chilonda chidali chitapola, padangotsala mzere wautali wotuwa umene ankauona pagalasi. Ndiye adali wodwala kapena wochira? Palibe amene adamufunsa iye, ndipo naye sadafunse munthu.

Sabata yachitatu ali kusukulu, aphunzitsi a masewero adamuimitsa pakhonde.

"Ndikuona ukuyenda bwinobwino tsopano. Mpikisano wopatsirana kamtengo watsala mwezi, ndipo wothamanga womaliza ndilibe. Adokotala akuti chiyani?"

Kamphepo adaganiza za mayankho atatu aja, n'kusankhapo lomukomera.

"Anati masabata asanu ndi limodzi, aphunzitsi. Anadutsa kale."

"Makolo akudziwa?"

"Abambo akuti ndachira."

Silidali bodza lenileni, adadziuza choncho. Komabe m'mawa mwake nsapato zake zothamangira adazikulunga m'juzi kuti amayi asazione.

Pabwalo atsikana adamulandira ndi m'manja. Nyenje, amene ankayeserera kuthamanga m'malo mwake, adamupatsa kamtengo mosanyinyirika. Ulendo woyamba Kamphepo adathamanga pang'onopang'ono ndipo sadamve kalikonse. Mtima udamuuza kuti onse aja ankangomuopseza. Ulendo wachiwiri adatsegula liwiro. Atafika pokhota adatembenuka kuti aone amene akumutsatira, ndipo pomwepo chinachake chidamugwira m'msana ngati pulayala ya m'galaja. Mpweya udamuthera. Adagwada, kenaka adagona chammbali pa udzu, osayerekeza kugwedezeka.

"Musamudzutse," adatero aphunzitsi. "Kamphepo, gwedeza zala zakumapazi. Ukuzimva?"

Ankazimva. Koma m'mutu mwake ankangoona zitsulo zija zitathyoka, n'kumaganiza za bedi la m'chipatala ndi machubu aja, zonse kuyambiranso.

Kuchipatala adamujambula ekisireyi. Amayi adafika tepi yoyezera ikadali m'khosi, abambo ali m'ovolosi. Sadamukalipire. Adakhala pabenchi osayang'anana, ndipo zimenezo zidamuwawa kuposa msana.

Adokotala adaika chithunzicho pa nyale n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Zitsulo zili m'malo mwake. Yakokeka ndi minofu. Wachita mwayi, mtsikana." Adatembenukira kwa makolo. "Paja ndinakufotokozerani kuti…"

"Adokotala," Kamphepo adawadula, mawu akutuluka motsika. "Pepani. Mungandifotokozere ineyo? Abambo akuti masabata asanu ndi limodzi. Amayi akuti chaka. Pepala likuti miyezi itatu. Wolondola ndani?"

Adokotala adavula magalasi, adakoka mpando n'kukhala moyang'anana naye.

"Onse akulondola. Masabata aja ndi obwererera kusukulu. Miyezi itatu ndi yosawerama, yosanyamula cholemera ndi yosapotokola thupi. Zamasewero zimabwera pomalizira, mwina miyezi isanu ndi umodzi, mwina chaka."

"Koma sindimamva kuwawa."

"Khungu limapola msanga, ululu n'kutha. Mafupa ndiwo achidodo. Zitsulozi zangowagwirizira kuti alumikizane okha, ndipo ntchito imeneyo siimveka, siionekanso pagalasi. Timaiona pachithunzi basi."

"Nanga kuyenda? Ena akuti ndigone, ena akuti ndiyende."

"Yenda tsiku lililonse. Kugona tsiku lonse kumafooketsa minofu." Apa adayang'ana amayi, omwe adagwetsa nkhope. "Koma kuyenda si kuthamanga." Abambo nawo adayamba kuyang'ana zikhadabo zawo.

"Ndiye ndidzathamanga liti? Tsiku lake lenileni?"

"Sindikudziwa," adatero adokotala. "Anthu sachira mofanana. Tidzajambulanso pakatha miyezi itatu, ndipo tidzaona limodzi."

Kamphepo adakhumudwa. Ankayembekezera tsiku loti akalichonge pakalendala, koma ngakhale munthu amene adatsegula msana wake sankalidziwa. Adapempha pepala kwa namwino, n'kufunsa chimodzichimodzi: kusesa, kuchapa, kumanga zingwe za nsapato, kunyamula mwana wa azakhali ake. Mayankho ena adali inde, ena ayi, ena "tidikire kaye". Adalemba onse ndi dzanja lake.

Potuluka abambo adatsokomola. "Ija ya galimoto ndinalakwitsa, mwanawe."

"Nanenso ndikanakuumitsa pabedi," adatero amayi. "Koma nsapato zija unazitulutsa bwanji m'nyumba mwanga?"

"M'juzi, amayi."

Amayi adangopukusa mutu.

Adakhala kunyumba masiku khumi. Tsiku limene adabwerera kusukulu adapita yekha ku ofesi ya aphunzitsi a masewero, kachipinda kodzaza mipira yophwa ndi maukonde.

"Aphunzitsi, ndinakuuzani mbali imodzi yokha. Masabata aja anali a kusukulu, osati a kubwalo. Ndinkakayikira, koma ndinasankha zimene ndinkafuna kumva."

Aphunzitsi adapumira m'mwamba. "Nanenso ndikanafunsa kalata ya adokotala. Ndinaona mpikisano, sindinaone mwana. Ndiye tikudikire mpaka liti?"

"Sindikudziwa. Adokotala nawonso sakudziwa mpaka adzajambule."

Adadabwa kuona kuti mawu amenewo adatuluka mosavuta.

Ataweruka adapeza Nyenje kumbuyo kwa kalasi akumata soli ya nsapato yake ndi guluu, uku akuitukwana. Kamphepo adamupatsa thumba la pulasitiki limene lidali m'manja mwake. Nyenje adasuzumiramo.

"Izi si zako zothamangira?"

"Ndi zomwezo. Pokhota usamacheuke, umataya liwiro."

"Wandipatsa?"

"Ndakubwereka," adatero Kamphepo. "Uzisamale. Ndidzazifuna."

"Liti?"

"Ndikadzadziwa ndidzakuuza."