Kiyi wa Chipinda cha Mayeso

Kuyambira tsiku limene Scholastica analembetsa mayeso, mtendere unatha m'nyumba mwake. Mayesowo anali oti akakhoza bwino, yunivesite ina ya kunja imutenge kuti akachite digiri yachiwiri. Iye anali mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina ku Lifuwu, ndipo kwa miyezi isanu ankati akaweruka, n'kukhala pakhonde ndi mabuku mpaka maso kufiira.

Apongozi ake, mayi Salome, anabwera kuchokera kwa Maganga kudzaonetsa mwendo kuchipatala. Mwendo unapola, koma iwo sanabwerere.

"Mkazi wapabanja sawerenga chonchi," ankatero akupeta mpunga, mokweza kuti amve. "Ameneyu akufuna kuthawa mwana wanga."

Chrispin, mwamuna wa Scholastica, yemwe anali mlangizi ku sikimu ya mpunga, ankangoti, "Asiyeni amayi, ndi ukalamba."

Mayesowo ankalembera kunyumba pa laputopu, woyang'anira akuonera pa kamera ali kutali. Munthu wina akangolowa m'chipindamo, mayeso ankathera pomwepo. Scholastica anafotokoza zimenezi kawiri konse, atagwada pamaso pa apongozi ake. Loweruka m'mawa anatumiza mwana wawo Agape kwa aneba, nalowa m'chipinda, n'kukiya.

Gawo la masamu linamuyendera bwino, moti mtima unayamba kukhala m'malo. Ali mkati mwa gawo lotsatira, anamva kiyi wina akuzungulira pachitseko.

"Ali kuti mwamunayo?" Mayi Salome analowa ndi ukali, nagwira laputopu n'kuitembenuzira kwa iwo. "Tulukani tikuoneni, inu oonera akazi a eni."

"Amayi, chonde tulukani. Ndagwira mwendo wanu."

Koma zinali zitatha. Pa laputopu panaoneka uthenga woti mayeso aimitsidwa chifukwa m'chipinda mwalowa munthu. Scholastica anauwerenga kawiri, misozi ikugwera pa tebulo. Kenako anafunsa ndi mawu otsika, "Kiyi mwamutenga kuti?"

"Wandipatsa mwini nyumba. Wandiuza zonse, kuti pali chibwenzi chako chimene umadzitsekera nacho pa kamera."

Scholastica anatuluka, chitseko n'kuchimenyetsa. Chrispin, amene m'mawa anatsazika kuti akupita ku sikimu, anali atakhala kuseri kwa nyumba, akutokosa foni.

"Bambo a Agape, munawauza chiyani amayi?"

"Tikambirana mukaphwa mtima."

"Muyankhe pano, iwo akumva. Fomu ija tinadzaza limodzi. Malamulo munawerenga ndinu. Chibwenzi chake n'chiti?"

Chrispin anayang'ana pansi. Atadzutsa mutu, nkhope yake inali itauma.

"Mukanakhoza," anatero. "Ndinaona mmene mumakhozera mayeso oyeserera aja. Mukanapita zaka ziwiri, ine n'kutsala ndikusambitsa mwana, anthu akundiloza kuti uyo wadipuloma uja anasiyidwa ndi mkazi. Ndikanakuletsani simukanamva."

"Ndiye munaona kuti bola kundisandutsa hule pamaso pa mayi anu."

Mayi Salome anali ataima pakona ya nyumba, kiyi akadali m'manja.

"Chrispin, palibe mwamuna?"

"Amayi, inunso simumafuna kuti apite."

"Sindimafuna, ndipo mpaka pano sindikufuna. Koma pakamwa ndili napo, ndikanamuuza ndekha. Iwe wandituma ngati galu kuti ndikalume munthu wosalakwa." Anaponya kiyi uja m'fumbi. Kwa mpongozi wawo sanapepese, anangomudutsa n'kukalowa m'nyumba.

Chrispin anaimirira, nayesa kumugwira dzanja mkazi wake. "Mayi a Agape, ndinachita chifukwa chokukondani. Tiiwale zimenezi."

"Usandigwire." Aka kanali koyamba kumutchula kuti iwe kuyambira pamene anakwatirana. "Mayesowa ndilembetsanso, ndipo ndikalembera kwina, kumene kulibe kiyi wako. Ankhoswe ndiwaimbira lero lomwe."

"Ukapita, m'nyumba mwanga usadzapondemonso."

Scholastica anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Nyumba yako iti? Ino ndi ya sukulu, anapatsa ine. Amene achoke ndiwe."

Chrispin anayang'ana kukhomo ngati akudikira kuti mayi ake amuikire kumbuyo. Iwo anatuluka atasenza chikwama chawo, m'manja atanyamula china, chimene anachiponya pamapazi pa mwana wawo.

"Ndakulongedzera," anatero. "Itana akabaza awiri. Ukafotokoze wekha kwa amalume ako, ine manyazi andikwana."

Dzuwa lisanafike pamutu, njinga ziwiri zinatuluka pa geti ya sukulu, aphunzitsi anzake a Scholastica akusuzumira m'mawindo. Iye sanaperekeze. Anakatenga Agape kwa aneba, n'kumukhazika pamwendo, ndipo ndi dzanja limodzi anayamba kufufuza tsiku lina la mayeso.