Ilisoni Anadalira Malume Ake Apolisi

M'nyumba ya a Torika pachilumba cha Taveuni munkapempheredwa m'mawa ndi madzulo. Mwana wawo Ilisoni ankaimba kwaya, ndipo malume ake, a Watisoni, anali wapolisi.

"Iwe, ukudzivutitsiranji ndi khasu?" anatero Joji, mnzake wosagwira ntchito. "Mbewu yodula ija ya yaqona yakhwima m'munda mwa a Saula, ogula mizu ali padoko. Ukagwidwa, wokugwirayo si malume ako omwe?"

Ilisoni anakazula zitsamba ziwiri. Anagwidwadi, ndipo a Watisoni anangomukalipira n'kumubweza kwawo.

"Zopanda thukutazi usandilowetsere m'nyumba muno," anatero a Torika. "Udzandiphetsa ndi mtima, mwana iwe."

Ilisoni anaseka. Ulendo wachiwiri anapita ndi Joji, atanyamula matumba. A Saula atawapeza m'munda, Ilisoni anamenya mkuluyo ndi mpini, mkono n'kuthyoka. Joji anathawa pa sitima, Ilisoni anatsekeredwa.

Achibale anatenga tabua, dzino la namgumi lopepesera, n'kukagwada kwa a Saula. Mkuluyo analandira ndi dzanja labwinolo, nati wakhululuka. A Torika anathamangira kupolisi.

"Achimwene, alandira! Mtulutseni mwanayo."

"Mlongo wanga, khala pansi kaye. Poyamba paja zinali m'manja mwanga. Pano munthu wavulala. Ife tinafufuza, tinamutsegulira mlandu, zonse tinapereka kwa oimira boma. Kuupitiriza kapena kuusiya n'kwa iwowo."

"Ndiye yunifolomuyo mumavaliranji?"

A Watisoni anangowaperekeza kwa Mayi Naidu, woimira boma pa milandu, amene anamvetsera mpaka a Torika atatha kulira.

"Mayi, apolisi agwira ntchito yawo, umboni ndi wokwanira. Alimi pachilumba pano akugona m'minda kulondera mbewu zawo. Ndikausiya mlanduwu, mawa wina athyoledwa khosi. Zoti a Saula akhululuka ndikanena kwa woweruza, mwina achepetsa chilango. Koma kukhoti apita."

Chilango chinachepadi, koma ndende sinalephereke. Tsiku lomutengera kundende, amene anamumanga unyolo anali malume ake omwewo, maso ali pansi.

Anyamata inu, ndikunena kamodzi, ndilibe nthawi yobwereza. Kuba kumayamba ndi chitsamba chimodzi. M'bale wapolisi akhoza kukuchenjezani, wolakwiridwa akhoza kukhululuka, koma mlandu ukachoka m'manja mwawo palibe wa kwanu amene angaubweze. Lekani lero, amayi anu asanayambe kugwadira anthu chifukwa cha inu.