Galimoto Yobiriwira ya Pafupi ndi Manda

Leetia anaweruka mochedwa kuloji komwe amaphikira alendo odzaona zimbalangondo zoyera. Galimoto ya antchito inali itamusiya, kunyumba mwana ali yekha ndi chifuwa. Anangouyamba wapansi. Kupusa kwakeko, m'jekete anafungatiramo nsomba yotsala kukhitchini. Nsomba, abale! Nyengo yoti nyanja sinaundane, zilombozi zikusowa posakira, zikuyendayenda m'mudzi ndi njala ya miyezi!

Atafika pamanda, agalu onse anangoti zii. Kenako anamva kupuma kumbuyo... Anacheuka. Chipale chofewa chokhachokha. Koma mulu wina wa chipalewo unali ndi mphuno yakuda.

Unasuntha!

Miyendo inafuna kuliyatsa liwiro.

"Usathamange, mwanawe."

Pambali pake panaima bambo wachikulire, wovala chikhoto chachikopa chakalekale, m'manja mulibe magolovesi.

"Taya nsombayo. Bwerera chafutambuyo. Galimoto yanga ndi yobiriwirayo, njosakiya. Ine ndinapeza zokiya zokhazokha."

Leetia anaitaya. Phazi kumbuyo... lina kumbuyo... Msana unagunda chitsulo. Chinali chigalimoto chopanda matayala, pabwalo la nyumba yomalizira. Anakoka chitseko, chinatseguka mosavuta. Analowa.

"Agogo, lowani!"

Panalibe munthu.

Chimbalangondo chinameza nsomba ija, n'kubwera. Mphuno pagalasi! Galimoto inagwedezeka. Leetia anatsinzina, akungotchula dzina la mwana wake. Sanadziwe kuti papita nthawi yaitali bwanji pamene olondera zilombo m'mudzimo anafika n'kuomba mfuti m'mwamba, chilombo n'kulowera kunyanja.

M'nyumba muja munatuluka mayi wokalamba, Rhoda, atanyamula tochi. Leetia anamugwira manja, misozi ikuundana m'masaya.

"Agogo, zikomo, zikomo! Pakanapanda amuna anu, bwenzi mwana wanga atadzuka wamasiye. Ali kuti ndiwathokoze? Ali panja opanda magolovesi."

Rhoda anamuunika kumaso.

"Opanda magolovesi? Ndi iyeyo ndithu, nkhutukumve uja. Ndinkachita kumuthamangira nawo." Analoza kumanda. "Mwamuna wanga Joanasie wagona apo, mwana wanga. Tinamuika iwe usanabadwe. Chimbalangondo chinamupeza akukoka zitseko za magalimoto, zonse zokiya. Kuyambira pamenepo m'mudzi muno palibe amene amakiyanso."

Leetia anacheukira kumanda kuja.

Mayiyo anasisita chitseko cha galimoto ija, akuseka uku akulira.

"Ana anga akhala akundikakamiza kuti ndichigulitse chiphakasachi. Ine ndimangothira mafuta pachitsekochi chisanu chikamayamba, anthu n'kumati ndapenga. Mawa ubwere naye mwanayo, ndidzamuone."