Kachipangizo Kosafuna Injiniya

Pachitseko cha kashopu kake, kunsi kwa masitepe a nyumba yosanja, panalembedwa zilembo zikuluzikulu: INJINIYA WAMKULU. Injiniya wamng'ono kunalibe. M'kashopumo munali iye, fani yozungulira ikafuna, ndi achemwali ake amene ankapanga fotokope pakona. Anthu onse ankangomutcha Mawaya.

Lachinayi lina masana kunalowa namwino, laputopu ili m'khwapa.

"Odi, a Injiniya ndinu?"

Mawaya anatsokomola. Aka kanali koyamba munthu kuwerenga chitseko chija n'kuchikhulupirira.

"Ndine ndemwe, mayi. Wodwala ndani?"

"Uyu. Intaneti sakugwiranso. Ndinagula aka, akuti ukangobaya kumbaliku wayifayi yabwera. Ndabaya mpaka chala kuwawa."

Kanali kachipangizo kakang'ono ngati chikhadabo. Mawaya anakatembenuza kawiri, nkhope itachita tsinya ngati dokotala wa opaleshoni.

"Aka n'kabwinobwino, koma kompyuta yanu sikukadziwa. Zili ngati anthu awiri osamvana chinenero, pamafunika womasulira. Womasulirayo ndi kapulogalamu, timati dalaivala. Zipangizo zina dalaivala wake amakhala ali kale m'kompyuta. Aka ayi."

"Ndiye tikam'peza kuti?"

"Pa intaneti."

"Intaneti yomwe ndilibeyo?"

"Yomweyo."

Namwino anaseka. Kuseka kwake kunam'gwetsera Mawaya sikuludalaiva pansi, ndipo sanaitole.

Analumikiza laputopu ndi waya wa intaneti wa m'shopumo, n'kukopera dalaivala uja. Kanyali kabuluu ka pachipangizo kanayamba kuphethira. Panatsala mzere umodzi wokha wa malamulo woti alembe m'kompyutamo. Laputopu ija inkadzikonzanso yokha pafupifupi sabata iliyonse, ndipo popanda mzerewo, nthawi iliyonse ikatero dalaivala ankagwa. Mzerewo Mawaya ankaudziwa ngati dzina lake.

Anayang'ana kiyibodi. Anayang'ana namwino. Kodi munthu woseka chonchi n'kumuchiritsira laputopu kamodzi n'kamodzi, osadzamuonanso?

Anatseka laputopu.

"Ikavutanso mubwere. Matendawa amakonda kubwerera."

Anabwereradi. Lachinayi lotsatira, ndi linalo, ndi linanso. Sabata yachitatu Mawaya anagula kapu yachiwiri ya tiyi. Sabata yachisanu "mayi" anasanduka "iwe", ndipo mafoni anayamba kulira pakati pa ntchito.

"Duwa langa," analemba Mawaya, "mtima wanga wakugwira mizere yonse ya wayifayi, ndipo sunafunse n'komwe pasiwedi."

"Injiniya wanga, gwira ntchito," anayankha namwino. "Ndikakuwerenga ndimaseka ndekha, odwala akuyesa ndapenga."

"Ndikulonjeza, wapamtima: ine sindidzakunamiza, ngakhale magetsi atazima dziko lonse!"

Achemwali anali ndi maso.

"Iwe Mawaya, laputopu za anthu ena zimachira tsiku limodzi. Ya mlamu wangayu yalodzedwa?"

"Achemwali, izi n'zaukatswiri. Inu zanu n'zamapepala."

"Chabwino, katswiri. Koma bodza lili ndi miyendo yaifupi, ndipo lako likuyenda chotsimphina."

Mawaya ankadziwa. Namwino ankaphunzira zauzamba pa intaneti, zaka ziwiri tsopano, akuwerenga akaweruka kuntchito miyendo itatupa. Mayeso omaliza anali Loweruka, eyiti koloko m'mawa, ndipo wochedwa ndi mphindi khumi ndi zisanu ankam'tsekera kunja. Mawaya analumbira mumtima kuti Lachinayi lisanafike Lowerukalo alemba mzere uja mwakachetechete, nkhani ithe.

Lachinayi namwino anabwera chimanjamanja.

"Laputopu ili kuti?"

"Sabata ino ili bwino. Ndabwerera iweyo. Kapena popanda laputopu sundidziwa?"

Apa ndi pamene mwamuna wanzeru akanaulula. Mawaya anathira tiyi.

Loweruka, itatsala pang'ono kukwana eyiti, foni inalira.

"Injiniya, kanyali kazima! Bwera, chonde, bwera!"

Minibasi ya tsiku limenelo inkaima paliponse pamene munthu wakanda mutu. Mawaya anatsika, n'kuthamanga mtunda wotsalawo, nsapato imodzi itamasuka. Anafika pa chipinda cha namwino nthawi itapitirira ndi theka la ola. Anam'peza atakhala pamphepete pa bedi, mabuku ali mbwee, manja ali pamiyendo.

Zala za Mawaya zinauluka. Mphindi zinayi, kanyali kanayaka. Analemba ndi mzere uja.

"Basi, duwa langa! Tsopano sikadzazimanso mpaka kalekale!"

Pagalasi panali mawu ofiira: mayeso atsekedwa. Koma namwino sankayang'ana pamenepo. Ankayang'ana zala zake.

"Mpaka kalekale? Ndi mzere umodziwo?"

Mawaya anachotsa zala pa kiyibodi.

"Unaudziwa liti mzere umenewu?"

Akanatha kunena kuti dzulo. Koma pakamwa pamene panazolowera kudzitama sipanathe kudzichepetsa pa nthawi yake.

"Kalekale," anatero motsitsa. "Tsiku loyamba lija. Ndinkaopa kuti sudzabweranso."

Namwino sanakuwe. Bwenzi zili bwino akanakuwa. Anazula kachipangizo kaja, n'kumuika m'dzanja, n'kumupinda zala.

"Ine wodwala akachira ndimamutulutsa, ngakhale ndim'konde bwanji. Sindimubisira mankhwala kuti azindichezetsa. Zaka ziwiri, bambo! Tulukani."

"Bambo" ameneyo anamupweteka kuposa mbama.

Mauthenga ake khumi ndi awiri sanayankhidwe. Kapu yachiwiri inayamba kusunga tizomangira ta makompyuta. Lachinayi likafika, Mawaya ankapukuta mpando wa alendo, kenako n'kukhalapo yekha.

"Kulira kwakwana," anatero achemwali tsiku lina, osatukula mutu pamakina awo. "Misozi sikonza laputopu. Unaononga chiyani? Kakonze chimenecho."

Mawaya analemba kalata kusukulu ya zauzamba ija. Analongosola zonse: dalaivala, mzere, ngakhale kapu ya tiyi. Pansi anayamba kulemba "Injiniya Wamkulu", n'kufufuta, n'kulemba "Mawaya, wokonza makompyuta". Atatero anatenga mpeni n'kukapala mawu oti WAMKULU pachitseko. Oti INJINIYA anawasiya. Munthu salapa zonse tsiku limodzi.

Kenako anayendayenda m'mashopu masiku atatu, akuwerenga timalemba ta kuseri kwa mapaketi, mpaka anapeza kachipangizo kamene dalaivala wake amakhala kale m'kompyuta. Anakasiya pa geti ya chipatala ndi kapepala:

"Aka ukangobaya kagwira. Sikafuna intaneti, sikafuna waya, sikafuna ine. Pepa."

Panapita masabata asanu.

Lachinayi lina masana, makina a fotokope anasiya kulira pakati pa ntchito. Mawaya anatukula mutu. Namwino anali pakhomo, chimanjamanja.

"Akusukulu anandiitana," anatero. "Akuti kalata yopusa chonchi munthu sangaipeke. Andilola kulemba limodzi ndi amene anadwala. Ndalemba dzana."

"Kachipangizo kanagwira?"

"Kanagwira."

"Ndiye... chavuta n'chiyani?"

"Chimenecho. Masabata asanu ndakhala ndikukayang'ana kanyali kaja kuti mwina kazima. Kakungophethira ngati kakundiseka."

Mawaya anatsegula pakamwa kuti anene za mizere ya mtima wake. Namwino anatukula chala.

"Usayambe. Sindinaiwale, ndipo ukadzandibisiranso kanthu, jakisoni amene ndidzakubaye udzakasimba kumwamba. Ukafuna kundiona uzinena ndi pakamwa, ngati anthu."

"Ndikufuna kukuona," anatero Mawaya. Mawu anatuluka aang'ono, opanda ukatswiri uliwonse. "Lachinayi. Ndi Lachisanu. Ndi masiku enawo."

"Masiku onsewo ukawapemphe kwa makolo anga. Lamlungu amakhalapo."

Achemwali anadzuka, n'kukhuthula tizomangira tonse m'kapu ija, n'kuitsuka.

"Khalani pansi, mlamu," anatero. "Koma tiyi ndithira ndine. Uyu angathire theka kuti mubwerenso mawa."