Pijo ya a Anselmo ndi Paipi ya Kachasu

Tandiuzeni, inu odziwa kuwerenga: kanthu kanga kamamwa madzi tsiku lonse koma sikameza, ndipo kakangosanza, mbuye wake malungo gwi, gone pamsewu. N'chiyani? Mwalephera? Ng'ombe yanuyo sungani, ndilibe khola. Ndi paipi ya madzi ya galimoto, yomwe inawazunguza mutu a Monika chaka chija boma linati ana aphunzire ulere n'kuyamba kusakasaka aphunzitsi.

Kalata inati mwana wawo Jesinta akaonekere pa za ntchito ya uphunzitsiyo ku boma la Dedza Lolemba 2 koloko masana, akachedwa malo apita kwa wina. Ndiye Lamulungu mvula inakokolola mlatho wa msewu wakumunsi. Njira inatsala imodzi, yodutsa m'nkhalango ya paini kuseri kwa phiri, momwe mumayenda mathirakitala a matabwa.

Galimoto inali ya a Anselmo, mlongo wawo wa a Monika. Pijo yakalekale, anaisiya bambo mfumu wachizungu pobwerera kwawo, yokalamba kuposa Jesintayo. Kutsogolo kunadzikhazika a Bonifasio, mlamu wawo wa a Monika, wapampando wa gulu loletsa mowa pa tchalitchi. Palibe anawaitana.

"Akuluakulu a ku boma amandidziwa," anatero. "Ine munthu amene lilime langa silinakhudzepo dontho, akangondiona, mwanayu walembedwa."

Atalowa m'nkhalango nkhungu inatsika, bii. Mitengo ya paini ndi yofanana ngati ana amapasa, mzere uwu ndi uwo chimodzimodzi. Anakhota kumanja, anakhotanso kumanja, n'kupeza mapazi a matayala awo omwe.

"Achimwene, apa sitinadutsepo?"

"Achemwali, khalani chete, galimoto imamva."

Inamvadi. Pokwera chitunda kunamveka phuu! Nthunzi tolotolo kutsogolo. A Anselmo anatsegula boneti, n'kuvula chipewa ngati afika pamaliro. Paipi ya mphira yotengera madzi ku injini inali itang'ambika pakati, chibowo cholowa zala zitatu.

Anaikulunga ndi malegeni a chubu cha njinga, n'kuthiramo madzi akumwa onse. Inaphulikanso asanayende n'komwe. Anadula nsungwi, nsungwi inasweka. Ali mkati moweramira injini, anyani anatsika, chachimuna chachikulu chinalowa pa zenera n'kunyamula thumba lonse la mbatatesi yophika. Jesinta anakuwa atakumbatira satifiketi yake. Chinyanicho chinamuyang'ana, chinaona kuti pepala sadya, chinapita.

"Nthawi ili bwanji?" anafunsa a Monika.

Wotchi ya a Anselmo inati 10 koloko. Ya a Bonifasio inati 12. Dzuwa loti liweruze mlanduwo kunalibe. A Monika anagwira m'mutu. Anali atalima mbatatesi zaka zinayi kuti mwanayu amalize sukulu, lero zithere pa kamphira?

"Pakufunika paipi yachitsulo," anatero a Anselmo. "Ndi madzi. M'thengo muno ndiitenga kuti?"

A Bonifasio anatsokomola. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi.

"Kuno ine sindinapondeko chibadwire," anatero, "koma mtima ukundiuza kuti titsike uku."

Anatsogola, enawo pambuyo, a Anselmo atanyamula chigubu ndi paipi yong'ambikayo. Munthu wosadziwa njira uja ankayenda mu nkhungu ngati akupita kuchimbudzi kwawo.

"Samalani, apa pali dzenje."

"Mwaliona bwanji, alamu?" anafunsa a Monika.

"Mtima, alamu, mtima."

Anafika pa mtsinje wodzaza, madzi ofiira akulira. A Monika anati basi, tathera pano. A Bonifasio anakankha tchire, kuseri kwake kunali mtengo wogona, wosalala ndi mapazi a anthu. Anawoloka chokwawa, Jesinta atamangirira satifiketi kumutu ndi duku la amayi ake. Nsapato imodzi ya a Monika inapita ndi madzi, sanailire n'komwe.

Kutsidya kunanunkha utsi, ndi kenakake kotsekemera kowawasa. Pansi pa thanthwe panali mgolo pamoto, paipi yachitsulo itatuluka mumgolomo, kudutsa mu mtondo wa madzi ozizira, n'kumadonthezera m'botolo. Mayi wina wamfupi wojintcha anali akukankhira nkhuni. Anali a Nachisale, otcheza kachasu. Galu wawo anauwa a Anselmo, anauwa a Monika, atafika pa a Bonifasio anagona chagada n'kumagwedeza mchira.

"Agalu amadziwa munthu wa Mulungu," anatero a Bonifasio, akumukankha ndi phazi.

A Nachisale anayang'ana a Bonifasio. "Takulandirani, alendo," anatero. "Nonsenu ndinu alendo, eti?"

A Monika anagwada n'kufotokoza zonse: kalata, mlatho, 2 koloko. A Nachisale anafunsa ngati mtsikanayu adzaphunzitse ndi ana a otcheza kachasu omwe. Jesinta anati onse. Mayiwo anaphula mgolo.

"Paipi tengani. Inali fulemu ya njinga ya malemu amuna anga. Koma osadula. Ndipo kumene ikupita, inenso ndili komweko."

A Anselmo anayeza ndi udzu. Inali yaitali kwambiri, komanso yowongoka, pomwe pamafunika yokhota. Anaidzaza mchenga wouma wa pansi pa thanthwe kuti isaphwanyike, anatseka uku ndi uku ndi dothi, n'kuiika pamakala mpaka pakati panafiira. Kenaka anaikanikiza pa tsinde la mtengo, a Nachisale atagwira mbali ina ndi chiguduli chonyowa, akukuwa kuti, "Pang'onopang'ono, bambo inu, imeneyi ndiyo munda wanga!" Inapindika ngati chigongono.

Atabwerera pa galimoto anadula pong'ambika paja, n'kulowetsa chitsulocho m'zidutswa ziwiri za mphira zotsalazo, waya mbali zonse, malegeni pamwamba. Chigongonocho chinatulukira kunja, boneti inakana kutsekeka, anaimanga ndi luzi. Anathira madzi. Anakankha. Pijo inatsokomola kawiri, n'kulira.

Madzi atatentha, m'galimoto monse munadzaza fungo la kachasu. A Bonifasio anatseka mphuno ndi mpango, koma a Monika anaona kholingo lawo likukwera n'kutsika. Njira anailoza a Nachisale, ndipo inali kumanzere nthawi yonseyi.

Ku boma wotchi ya pakhoma inati 2 koloko yadutsa pang'ono, pomwe ya a Anselmo inkati 1, ya a Bonifasio inkati 3, kutanthauza kuti mawotchi onse awiri aja ankanama. Kalaliki anali ataitana kale dzina la Jesinta kawiri. Kachitatu anayankha ali pakhomo, matope mpaka m'mawondo, satifiketi ili kumutu. A Monika anakhala pansi pa mtengo ndi nsapato imodzi, osatha kupemphera, osatha kulira. Akuluakulu odziwa a Bonifasio aja palibe anatulukira. Patapita nthawi Jesinta anatuluka akuthamanga. Anamulemba.

Anabwerera mawa lake, madzi ataphwa, n'kuima pabwalo la tchalitchi. Anthu anaunjikana, amayi nthungululu, ana kusuzumira chigongono chachitsulo chija. A Bonifasio anakwera pa chitsa.

"Pakanapanda ine, mwanayu bwenzi akulima mbatatesi! Ndinagwada m'nkhalango, njira inatseguka yokha, malo oti sindinawaonepo. Ndinapeza mayi uyu ali mumdima wa mowa, ndinamudzudzula maso ndi maso, mpaka analira n'kupereka chida cha Satana chija!"

A Nachisale anali chikhalire kumbuyo kwa galimoto, akudikira kuti injini izizire atenge paipi yawo. Anatsika pang'onopang'ono. Anamasula kathumba ka m'chiuno.

"Ndinalira ine?" anatero. "Chabwino. Poti zafika pa ulaliki, a Boni, landirani buku lanu la nyimbo. Munaliiwala Lachinayi pansi pa thanthwe paja. Munatiimbira mpaka nambala 40, kenaka munagona pa galu."

Analikweza m'mwamba. Pachikuto panali dzina lawo, zilembo zikuluzikulu.

Mayi a kunyumba kwa a Bonifasio anatuluka m'gulumo manja ali m'chiuno. "Si buku lija munati linagwera mumtsinje mukupita kukaona odwala?"

"Odwalawo ndi ife, mayi," anatero a Nachisale. "Amationa kawiri pa sabata."

Bwalo lonse linagwa nacho chiseko, a Anselmo mpaka kugwira boneti. A Bonifasio anayang'ana uku ndi uku pofuna potsikira, koma chitsacho chinali chitazunguliridwa.