Mawindo a Bogi ya Safiya

Madzulo a tsiku limenelo panalibe chachilendo ku Ndirande. Utsi wa mbaula unali utaphimba madenga, anthu ochokera ku mafakitale a ku Makata ankakwera chitunda ali chete, ndipo Che Hussain anali pabenchi lawo kuseri kwa nyumba, akumalizitsa bogi ya sitima.

Ntchito yawo inali imeneyo, kupanga sitima za zidole ndi zitini zakale za mafuta ophikira. Amisiri otere analipo angapo, koma sitima za Che Hussain zinkatha msanga pamsika chifukwa cha mawindo. Anzawo ankangoboola mabowo m'mbali mwa bogi, ena nkungojambula ndi penti. Iwo ankaika mawindo enieni, oti mwana akasuzumira nkuona mbali inayo. Windo lililonse ankaliyeza ndi bokosi la machesi, kudula malata ndi tchizulo, kupinda milomo yake inayi, kulowetsamo kagalasi kosasweka, nkupana milomoyo ndi pulayazi. Komwe ankapeza tigalasito palibe ankadziwa, kupatula Albert.

Albert anali mnzawo wosesa pa chipatala china. Ankapatsidwa zithunzi zakale za ekisileyi, zakuda zija zoonetsa mafupa a munthu, kuti akatenthe. Zina ankazikulunga m'nyuzipepala nkubwera nazo. Che Hussain ankaziviika m'madzi otentha a soda, m'mawa mwake nkupala kuda konse ndi mpeni mpaka pepalalo litayera mbee. Munthu wa pachithunziyo ankapita ndi madzi akuda m'ngalande.

Sabata imeneyo Albert anabwera ndi chithunzi chimodzi chokha, cha chifuwa cha munthu, ndipo anakana kukhala pansi. Ananong'ona kuti chimenechi anauzidwa kawiri kuti chipse tsiku lomwelo, ndipo wouzayo anali munthu wa jekete wosagwira ntchito pachipatalapo. Mwini chifuwacho anabwera naye anthu atatu pa galimoto, nkubwerera naye osagonekedwa. Kutentha pepala labwino choncho kunamuwawa mtima Albert, koma anawapempha Che Hussain kuti achipale tsiku lomwelo. Masiku amenewo nkhani yotere sinkafunsidwa kawiri. Munthu akasowa, ngakhale mkazi wake ankangoti wapita kumudzi.

Che Hussain analonjeza. Koma soda anali atatha m'nyumbamo. Atachikweza chithunzicho padzuwa anaona nthiti zoyera zitandandalikana, zitatu za kumanzere zili zothyoka, ndipo mtima wa umisiri unawanyenga. Anaganiza kuti atadula osapala, mizere yoyerayo ioneka ngati anthu atakhala m'sitima. Anadula tizidutswa khumi ndi tiwiri nkutipana m'mawindo a bogi imodzi. Atasuzumira, anaseka okha. Munalidi ngati muli apaulendo, ena ataweramira kutsogolo.

Mwana wawo Safiya, wa zaka zinayi, anaililira bogiyo. Anamubwereka kuti aikoke pabwalo. Pambuyo pake pankatsatira Betty, mwana wa a Venansio, akupempha kuti akokeko pang'ono. Mabanja awiriwo ankakhala mu mdadada umodzi, pakati pawo pali khoma limodzi la zidina. Anawo ankadyera mbale imodzi.

Che Hussain atabwerako koswali Magharibi, pemphero la dzuwa litalowa, anapeza ana atalowa m'nyumba, bogi ili pabenchi. Mdima unali utangoyamba. Anayatsa nyali ya koloboyi kuti apake penti.

Ndi pomwe anamva kupuma.

Panalibe mapazi, panalibe odi. Kupuma kokha, kwa mluzu, ngati pampu ya njinga yobooka. Anadzutsa mutu. Pafupi ndi bafa panaima munthu wamtali, wovala shati yoyera ndi tayi, ngati kalaliki kapena mphunzitsi. Dzanja limodzi anali atagwira m'nthiti.

Anamupatsa moni. Munthuyo anayandikira, maso ali pa bogi, nkuwerama. Anayang'ana windo loyamba, lachiwiri, lachitatu, milomo ikugwedera ngati akuwerenga.

Za mizimu Che Hussain sanaziganize nkomwe. Anaganiza za munthu wa jekete uja. Anaganiza kuti Albert wagwidwa ndipo waulula. Anayamba kuyankha asanafunsidwe: kuti khadi la chipani ali nalo, la mayi m'nyumbamo liliponso, kuti iwo ndale sazidziwa, kuti tigalasito anangotola kudzala.

"Ndi ya ndani?" munthuyo anafunsa. Mawu ake ankatuluka modukaduka.

Che Hussain anaganiza mwachangu. Akati ndi yawo, yogulitsa, ndiye kuti akufalitsa m'tauni chinthu chimene akuluakulu anafuna kuti chipse. Koma chidole cha mwana, ndani angamange nacho munthu?

"Ndi ya mwana, bwana. Ya Safiya wanga. Ine ndilibe nayo ntchito."

"Safiya," munthuyo anabwereza pang'onopang'ono. "Komwe anandiika kulibe mpweya. Chifuwa changa mwachidula. Basi, ndizipumira kwa mwini wake."

Anatembenuka. Pamenepo Che Hussain anaona kuti munthuyo analibe nsapato. Kumsana kwa shati yake kunali dothi lofiira, lonyowa, chonsecho mvula inali italeka miyezi inayi yapitayo. Anakhota pangodya ya bafa. Kuseri kwa bafako kunalibe njira, kunali khoma.

Mluzu uja sunaleke. Unangosamuka. Tsopano unkachokera m'nyumba.

Anapeza mkazi wawo Zeinabu atagwada pamphasa, atanyamula Safiya. Mwanayo ankakoka mpweya movutikira, maso ali tong'o. Pomwe kunkacha, m'nthiti zake za kumanzere munali mabala atatu akuda. Zeinabu anathamangira naye ku chipatala chaching'ono. Namwino anaona mabalawo, nkufunsa kuti wamuponda mwanayu ndani. Anapereka mapiritsi oyera, nkunena kuti amuna ena ndi zilombo. Zeinabu atabwerera anawayang'ana amuna ake nthawi yaitali ngati mlendo.

Iwo sanathe kumuuza chilichonse. Khoma la zidina silisunga mawu. Kwa shehe nakonso sakanapita, chifukwa shehe akanafunsa komwe chithunzicho chinachokera, ndipo yankho lake linali loti munthu nkusowa nalo. Anapita kukamufuna Albert. Wa pageti anawauza, maso ali kumbali, kuti Albert wapita kumudzi.

Anaganiza zoitentha. Anaika bogiyo pambaula kuseri kwa nyumba. Malata asanafunde nkomwe, Safiya anakuwa m'nyumba kuti akupsa. Anaichotsa ndi manja, zala nkupserera. Tsiku lotsatira anakaiponya mu mtsinje wa Nasolo. Pofika kunyumba anapeza mwana akutsamwa, madzi akutuluka m'mphuno, amayi oyandikana nawo atadzaza chipinda. Anathamanga kubwerera kumtsinje, nkulowa m'madzi onunkha aja mpaka m'chiuno, kufufuza ndi mapazi mpaka anaipeza.

Ndipo madzulo aliwonse, dzuwa likangolowa, munthu uja ankaima pafupi ndi bafa. Tsiku lachiwiri anali atachotsa dzanja m'nthiti. Tsiku lachitatu anaima chilili, chifuwa chikukwera ndi kutsika bwinobwino, ngati munthu amene wagona tulo tabwino. M'nyumba Safiya anali atasiya kudya. Milomo yake inali yotuwa ngati phulusa.

Tsiku lachinayi masana, Che Hussain atakhala pabenchi osagwira kanthu, anamva Betty akuimba kuseri kwa khoma. Mawu a munthu uja anawabwerera. Mwini wake.

Anadzudzula mtima wawo. Anakumbuka kuti tsiku lomwe Safiya ankabadwa, anali a Venansio amene anakankha njinga Zeinabu ali pakaliyala, kuchokera pakhomopo mpaka kumsewu. Anakumbuka kuti m'mawa womwewo mayi a Betty anabweretsa phala la mpunga loti wodwala ayeseko. Anakumbuka zonsezo. Kenako m'nyumba Safiya anatsokomola, kutsokomola kopanda mphamvu ngati kwa kamwana ka mphaka, ndipo manja awo anatenga okha kabulashi.

Anaipaka bogiyo penti wofiira. Anawongola mateyala. Anamangirira chingwe chatsopano. Anadikira mpaka dzuwa litalowa, munthu uja ataima pamalo pake, ndipo anamuitana Betty.

Mwanayo anabwera akuthamanga, m'manja muli chimanga chootcha chodya theka. Anamufunsa ngati akuifuna sitimayo. Betty anayankha kuti ndi ya Safiya.

"Safiya watopa nayo. Tenga."

Anaika chimanga pansi, nkupukuta manja pa diresi. Anailandira ndi manja awiri, atapinda maondo monga anaphunzitsidwira.

"Tsopano ndi ya ndani?"

"Yanga?"

"Nena dzina. Mokweza."

"Ndi ya Betty!"

Mwanayo sankaona aliyense pafupi ndi bafa. Che Hussain okha ndi amene anaona munthu wa tayi uja akugwedeza mutu kamodzi, ngati wolandira moni, nkukhota pangodya.

Posakhalitsa a Venansio anabwera kudzathokoza. Anati anthu ngati Che Hussain ndi osowa, munthu woti mwana wake ali gone koma akuganizirabe ana a anzake. Anawagwira dzanja nthawi yaitali. Che Hussain anangoti palibe kanthu, achimwene, ana ndi amodzi.

Madzulo omwewo Safiya anadzuka nkupempha tiyi ndi buledi. Zeinabu analira, akuthokoza Allah. Anawagwira amuna ake phewa, koyamba m'masiku anayi. Atazimitsa nyali, mluzu unayamba kuseri kwa khoma.

Unatenga masiku asanu ndi limodzi. Che Hussain anaumva wonse. Anamva mayi a Betty akupemphera korona, mawu akusasa. Anamva mwanayo akukana kuti amulande sitima yake, kuti azigona nayo. Tsiku lachitatu a Venansio anagogoda, maso ali ofiira, kudzafunsa mankhwala amene anachiritsa Safiya. Che Hussain analowa m'nyumba, nkutenga mapiritsi oyera otsala aja, nkuwapatsa. Anawauza kuti azimumwetsa theka m'mawa, theka madzulo.

Lamulungu m'bandakucha mluzu unaleka. Kenako mayi a Betty anayamba kulira.

Pamaliropo Che Hussain anagwira ntchito kuposa aliyense. Poti ndi mmisiri, ndi iwo anakhoma misomali ya kabokosiko. Ananong'oneza a Venansio kuti mwana apite ndi chidole chake, popeza anachikonda. Koma mkulu wa mpingo anakana. Anati akhristu saika katundu m'manda.

Anthu sanachedwe kupeza chifukwa. Amayi osambitsa maliro anali ataona mabala atatu m'nthiti mwa mwanayo. Pa mpopi ena ankati ndi chibayo. Ena ankati chibayo sichisiya mabala, ndipo a Venansio amaoneka ofatsa masana okha. Ena ankakumbutsa kuti mwana wa Che Hussain anali ndi mabala omwewo, ndiye kuti bamboyo anayamba wayesera pa mwana wa mnzake. Amayi anayamba kuitana ana awo kuti alowe m'nyumba a Venansio akamadutsa. Che Hussain ankamva zonsezo, osatsutsa, osavomera. Patatha milungu iwiri a Venansio anasiya ntchito, nati abwerere kwawo ku Phalombe.

Tsiku losamuka, katundu atamangidwa kale, Che Hussain anali kuseri pabenchi lawo. Mawindo anali atasiya. Tsopano ankangoboola mabowo ngati anzawo. Dzuwa linali litapendeka. Anamva odi kutsogolo kwa nyumba, mawu a mayi a Betty, ndi Zeinabu akuwalandira. Anamva mayiyo akunena kuti anthu onse awatembenukira, koma a pakhomo pano okha ndi amene sananene choipa. Anati pali chinthu chimodzi chimene sangathe kupita nacho, chifukwa akachiona mtima umawang'ambika, komanso kuchitaya sangathe.

Che Hussain anaimirira. Tchizulo chinagwa pansi. Anazungulira nyumba akuthamanga.

Anapeza mayi a Betty atagwada pakhonde, atatambasula chitenje. Safiya anali atatambasula kale manja.

"Tenga mwanangu," mayiyo anatero. "Mnzako wakusiyira. Uzimukumbukira."

Zeinabu ankapukuta misozi, akumuuza mwana kuti anene zikomo. Safiya anaikumbatira bogiyo pachifuwa. Ataona bambo ake anamwetulira, mano onse pamtunda.

"Ababa, taonani, yabweranso. Ndi yanga."

Kuseri kwa nyumba, cha ku bafa, wina anakoka mpweya wautali.