Tsitsi la pa Mpando wa Pawindo

Ndege ikatera, apaulendo onse n'kutsika, mumalowa gulu lina lomwe palibe amaliyang'ana kumaso: okonza m'ndege. M'gululi munali mayi wina wamasiye amene anzake ankangomuti Make Mtsikana, poti mwana anali naye mmodzi yekhayo. Ntchito yake inali kutolera zinyalala kuseri kwa mipando, kupukuta masanzi, ndi kusintha tinsalu toyera totsamirapo mutu. Malipiro ankatha mwezi usanafike pakati, ndipo kanyumba kake kalendi kankadontha.

Umphawiwo akanaupirira. Chomwe chinkamuwotcha mtima chinali mlamu wake, mchemwali wa malemu mwamuna wake. Maliro atangotha, mlamuyu analanda nyumba, galimoto, ngakhale mbale zomwe, n'kugulitsa zonse kuti apeze mpamba wa geni. Tsopano ankakapikula katundu kunja pandege, atakhala mipando ya kutsogolo, ya mabwana ija, yomwe imagona ngati bedi.

Tsiku lina mlamuyo anachedwa kutsika, ndipo anakumanizana pakhomo la ndege.

"Kodi ndi inu, alamu? Yunifomu yakukhalanitu," anatero akuseka. Anagwetsa dala kapepala komwe anaminira. "Tolani. Nanga si ntchito yanu?"

Make Mtsikana anatola, anzake akuona. Anamuda mlamuyo ndi mtima wake wonse, ndipo ataweruka sanapite kunyumba. Analunjika kwa sing'anga wina amene ankakhala kuseri kwa galaja, m'kachipinda konunkha oyilo. Anali bambo waukhondo, wa malaya osita, wolankhula motsitsa ngati kalaliki wa kubanki.

"Mukufuna chuma kapena mukufuna munthu afe?" anafunsa sing'angayo.

"Zonse ziwiri."

"Ndiye mwafika. Anthu olemera amatsamira pa tinsalu tanu tija, n'kusiyapo tsitsi. Muzindibweretsera. Ndikalitentha, mwayi wa mwini tsitsi ubwera kwa inu."

"Nanga mwini wakeyo?"

"Agona. Munthu wopanda mwayi adzukirenji?" Sing'angayo anamwetulira. "Koma mumvetse. Ntchito yosesayo musaisiye, ngakhale mutalemera chotani. Ndipo moto wanga sufunsa dzina. Chomwe mwandipatsa ndicho ndimatentha."

Ulendo wotsatira wa mlamu uja, Make Mtsikana anathamangira pampando wake, n'kutola tsitsi lalitali lonyezimira. Sing'anga analinunkhiza n'kuseka mpaka misozi.

"Mayi, iyi ndi wigi. Mukufuna tiphe fakitale?"

Kubwerera chimanjamanja kunamuwawa, choncho mawa lake anatola tsitsi la imvi pampando wa bwana wina wosamudziwa. Sabata isanathe, kuntchito kunamveka kuti mkulu wina wa bizinesi anagona muhotela osadzukanso. Make Mtsikana anatsegula kagolosale, ndipo katundu ankatha ngati akugawa ulere. Anatolanso lina, n'kugula minibasi. Anatola linanso, n'kumanga nyumba ya mpanda, mtsikana wake n'kumutumiza kusukulu ya kunja.

Apaulendo anayamba kuchita mantha. Nyuzipepala zinalemba kuti kukhala nthawi yaitali m'ndege kukuumitsa anthu magazi, ndipo kampani ya ndegeyo inalengeza kuti aliyense aziimirira n'kumawongola miyendo. Make Mtsikana ankamva zonsezi akupinda tinsalu. Anzake ankamunyogodola: "Inu, wosesa wanji wobwera pagalimoto? Tigawireniko chitsambacho." Iye ankangoseka, koma sankagonanso tulo tabwino, ndipo chakudya sichinkamukomera. Chuma chinalipo, koma mlamu anali akupumabe.

Kenaka mwayi unamugwera. Zinamveka kuti mawigi aja amutulutsa mlamuyo zilonda m'mutu, ndipo adokotala amuletsa. Tsopano ankayenda ndi tsitsi lakelake. Make Mtsikana anapita kwa mnzake wogulitsa matikiti, n'kumufunsa za ulendo wa mlamuyo ngati akungocheza.

"Akubwera Lachisanu," anatero wa matikitiyo. "Mzere woyamba, mpando wa pawindo. Bwanji, si ndege yomwe akubwerera mwana wanu kutchuthi?"

Inalidi yomweyo. Koma izi sizinamudetse nkhawa, chifukwa tikiti ya mtsikanayo anagula yekha, ya mipando ya kumbuyo kwenikweni, komwe iye sankatolako tsitsi.

Lachisanu masana ndege inatera. Mayi wina aliyense akanaima pakhomo lotulukira, kudikira mwana wake. Iye ayi. Anatuma dalaivala kuti akamutenge, ndipo mwini wake analowa m'ndege woyamba, n'kulunjika pampando wa pawindo. Pakansalu panali tsitsi lakuda, lenileni, lofewa. Analikulunga mwachimwemwe, n'kuthamangira kuseri kwa galaja. Anaimirira pompo mpaka linapsa lonse.

"Tolani tsopano, alamu," ananong'ona.

Kunyumba anapeza mtsikana wake atakhala pasofa, akuyasamula, masutikesi asanatsegule.

"Amayi, simungakhulupirire," anatero atawakumbatira. "Kumbuyo kuja anagulitsa matikiti ambiri kuposa mipando, ndiye mpando wanga ndinapeza pali munthu kale. Ndinkati andisiya. Koma kutsogolo munthu wina sanabwere, akuti ndege yake ina inachedwa. Ndiye anandipatsa malo akewo ulere. Ndagona ngati bwana ulendo wonse."

Make Mtsikana anamugwira mkono.

"Mpando uti, mwanawe?"

"Woyambirira weniweni, wa pawindo. Koma tulo sitikutha, amayi. Ndigoneko pang'ono."

"Usagone. Dzuka, tiyende panja. Usagone, mwana wanga."

Anamugwedeza, anamuthira madzi kumaso, anamuimiritsa n'kumuyendetsa pabalaza. Mtsikanayo ankangoseka mofooka, mutu ukulendewera paphewa la mayi ake. Make Mtsikana anaimbira foni sing'anga uja akulira, kumulonjeza nyumba, minibasi, chilichonse.

"Mayi, phulusa silibwerera kukhala tsitsi," anayankha sing'angayo, n'kudula foni.

Dzuwa lisanalowe, mtsikanayo anali atapita.

Mlamu uja anafika mawa lake pandege ina, wamoyo, wonenepa, akudandaula za kuchedwa. Pamaliro anakhala patsogolo, ndipo analira mokweza kuposa onse. Make Mtsikana atamuona, mutu unasokonekera pomwepo. Chuma chija chinamwazika chaka chisanathe. Lero amapezeka kumpanda wa bwalo la ndege, nsanza zokhazokha, ndipo ndege iliyonse ikamatera amakuwira anthu a m'mwamo kuti asagone.

Abale anga, chuma cha zitsamba chimalipiridwa ndi magazi, ndipo wosankha magaziwo si inu. Amene wakulakwirani musiyeni ndi mlandu wake, inu idyani thukuta lanu ngakhale lichepe. Dyera likakwatirana ndi chidani, choipa chitsata mwini, ndipo chimayambira pa chomwe mwiniyo amachikonda koposa.